Fungo la M'manja Mwanga

A Dominiko, wapampando wa mphakati wathu kuno ku Lobi, ndinu amene mwandichotsa m'gulu la amayi oimba pamaliro, n'kukauza abambo mfumu kuti ine Falesi, mkazi wa malemu Petulo, ndimasuta chamba. Ndalemba izi kuti mphakati wonse uwerenge.

Zala zanga zinayamba kutupa chaka chomwe tinaika a Petulo. Mphepo ya m'phiri ikayamba, khasu linkandipulumuka m'manja. Mbatatesi yanga inaolera m'munda ndikuyang'ana. Inu simunabwere ngakhale kudzandizonda.

Mwana wanga Pilira, wa ku Lilongwe uja, anandibweretsera kabotolo ka mafuta opaka ndi ufa wa bowa wolimba womera pazitsa, woti ndizithira mu tiyi. Sanandibisire kuti mafutawo ndi a chamba, koma anati choledzeretsa chija anachotsamo. Anati asilikali a m'thupi mwanga asokonezeka, akumenya mfundo zanga zomwe, ndipo ophunzira akufufuzabe ngati bowayo ndi mafutawo zingawakhazike pansi. Mapilitsi a kuchipatala sindinasiye. Chikundithandiza pa zitatuzi sindikuchidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti chaka chino nyemba ndapalira ndekha.

Lamulungu lija pa Misa, nthawi ya moni wa mtendere, ndinakupatsani dzanja. Munaligwira, kenako ndinakuonani mukununkhiza chikhatho chanu. Pamsonkhano wa mphakati munaimirira, jekete mutamanga mabatani onse, n'kunena kuti mayi wonunkha chamba sangaimbire Mkhristu. Munati ndikapanda kutaya kabotoloko, tsiku langa likadzafika mphakati sudzabwera, adzandinyamula mwakachetechete popanda nyimbo ngakhale imodzi. A Anastazia, amene ndaimba nawo kuyambira tili atsikana, anangowerama n'kumaseweretsa korona.

Ndinamasula kabotoloko pansonga ya chitenje, n'kupaka zala zonse pamaso panu.

"Amayi, muziopa Mulungu," munatero.

"Ndimamuopa, achimwene. Zalazi zitatupa ndinkalephera kusuntha mikanda ya korona. Munkandisunthira ndinu?"

Anthu anaseka chamumtima, koma wondiikira kumbuyo panalibe.

Tsono mumve. Kabotoloko sinditaya. Amayi anu ndinawaimbira ine mpaka mawu kutha. Akazi anu oyamba ndinawasambitsa ndi manja omwewa. Ndikufuna kudzagona pafupi ndi a Petulo, amayi anzanga akundiimbira, ndipo malo anga pamkeka wa oimba sindinapemphe kwa inu. Maliro akagwa m'mudzi muno ndidzabwera, ndidzakhala pomwe ndimakhala, ndidzayambitsa nyimbo. Mukafuna kundichotsa pamkekapo, mudzandinyamule nokha.

Koma funso langa ndi ili. Ine ndafika pa imvi fungo la chamba osalidziwa, anachita kundiuza ndi Pilira. Inu munalizindikira pachikhatho chabe, m'tchalitchi mutadzaza utsi wa lubani. Munaliphunzira kuti? Mundiyankhe pamsonkhano womwe uja, mutaimirira, jekete yomwe ija. Nanunso a Anastazia, dzutsani mutu mundiuze: ine ndikadzafa, mudzaimba kapena ayi?