Kalata ya Asibweni a Paston

"Nanga kabudulayu avala ndani?" anafunsa amayi, atamunyamula m'mwamba ndi zala ziwiri.

Asibweni a Paston Manda, alongo awo a amayi, ankangoyang'ana nsapato zawo. Phukusilo linali litabwera pa sitima ya Ilala kuchokera ku likulu la kampani ku Limbe: kabudula wa khaki, malaya ndi masokosi ofika m'mawondo. Pamwamba pake panalembedwa kuti D. Mphande, kalaliki watsopano. D. Mphandeyo ndinali ine, Dolly.

Munali mu 1956. Ndinali nditakhoza Sitandade 6, koma ntchito yanga inali kuyanika usipa ku Chikale, ndipo ndinkaona kuti ndikalambira pa thandala lomwelo. Asibweni anali kalaliki wamkulu pa kampani ina yaing'ono yogula mpunga pafupi ndi doko la Nkhata Bay. Malo atapezeka, iwo ndiwo anandilembera kalata yopempha ntchito. Inawatengera masiku atatu. Chizungu sichichedwa kuulula ngati ukunena mwamuna kapena mkazi, pamene kwathu "iye" amakwanira aliyense. Iwo anazemba mawu oululawo m'masamba awiri athunthu: wopemphayu, mwana wa mlongo wanga, munthu wa dzanja looneka bwino. Ngakhale Nya wosonyeza mkazi pa dzina langa, NyaMphande, anamusiya kunyumba.

Lachisanu ndinavala deresi ya kutchalitchi n'kukaonekera kwa Bwana Ferrier, mzungu woyang'anira nthambi ya Nkhata Bay. Anandiyang'ana kamodzi, n'kutembenukira kwa asibweni.

"Manda, wandinamiza."

"Bwana, kalata ndi iyo. Mundionetse bodza limodzi lokha."

Anaiwerenga kawiri. Bodza sanalipeze, ndipo zimenezi zinangomuwonjezera mkwiyo.

"Ku Limbe akudziwa kuti talemba mnyamata. Abwerere kwawo."

"Abwerera, bwana. Koma dzuwali lakula, apumeko kaye pakhonde."

Pakhondepo panali mzere wa amayi ochokera ku Limphasa, aliyense atakhalira thumba lake la mpunga. A Reuben, kalaliki wamng'ono, ankalemba timapepala tomangirira pa matumba, thukuta lili chuchuchu.

"Dzina la amuna anu?"

Mayi wapatsogolo anaphimba pakamwa ndi nsalu. Mkazi wa kwathu satchula dzina loyamba la mwamuna wake, ngakhale mwamunayo ali ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi.

"Ndi a Chirwa," anatero chapansipansi.

"A Chirwa ati? Ndalemba kale a Chirwa asanu ndi awiri!"

Chaka chilichonse zinkatero. Matumba ankasokonezeka, anthu n'kukangana mpaka sitima kuliza mluzu.

Asibweni anadutsa, n'kugwetsera pensulo yawo ndi timapepala pamiyendo panga. Analowa mu ofesi.

"Ama," ndinatero kwa mayi wapatsogolo uja, "mwana wanu woyamba ndani?"

"Magret."

Ndinalemba: Chirwa, anyina Magret. Ndinamuwerengera mokweza.

"Ehe! Uyu ndiye akufunsa ngati munthu. Osati a Reuben, mafunso ngati apolisi."

"Ine ndimatsata fomu, amayi," anadandaula a Reuben.

"Fomu yanuyo sinakwatiwepo, ada. Ikanadziwa."

Khonde lonse linaseka, ndipo mzere unakhotera kwa ine, matumba akukwekwerezeka pa simenti. Anyina Wilson, anyina Rosina, anyina Amon wa khungu loyera, anyina Amon winayo. Dzuwa lisanafike pamutu, amtengatenga anali atatsitsira thumba lomaliza kudoko popanda wotukwana mnzake. Nditadzutsa mutu ndinaona bwana ataima pa zenera. Sindikudziwa kuti anayamba liti.

Asibweni anatuluka, manja kumbuyo. Munthu wa ana asanu ndi mmodzi anali ataika ntchito yake pachiswe chifukwa cha mwana wa mlongo wake. Ngakhale akanandibweza, m'mawa umenewo ndinali nditagwirapo ntchito ya pensulo, anthu akuona.

"Yewu, asibweni," ndinawathokoza m'chiyankhulo cha kwathu, nditagwada pang'ono.

"Yewu wa chiyani? Ine ndinangolemba kalata. Pensuloyo ubweze, ndi yanga."

Chitseko chinatseguka. Bwana Ferrier anavala chipewa, n'kuyamba kutsika masitepe kulowera kudoko. Ine sanandiyang'ane.

"Manda," anatero ali chiyendere, "ayambe Lolemba."