Sipika ya a Lumo

A Lumo anali wometa wodziwika mumsewu wonsewo, ndipo ankadziwika pa zinthu ziwiri: dzanja lopepuka ndi Mawu a Mulungu. Dzinalo analipeza chifukwa cha ntchito, ngakhale akazi awo ankati linachokera ku lilime. Ukakhala pampando wawo unkadzukapo mutu uli see, ndevu zitadulidwa bwino, ndi mavesi angapo amene sunapemphe. M'kachipinda kawo munali galasi lalikulu long'aluka pakona, shelefu ya zipeso ndi masizasi, benchi ya odikira, ndi sipika yakuda imene inkalalikira kuyambira potsegula mpaka potseka. Mu memori khadi yake munalibe nyimbo ngakhale imodzi, maulaliki okhaokha.

Kuseri kwa khoma kunali mng'ono wawo, wowotcherera zitsulo. Anali a bere limodzi, nyumba yogwiriramo ntchito inalinso imodzi yongogawa pakati, koma anthu awiriwa sankalankhulana, ndipo nkhani yake inali ya mpando. Mpando wometerawo unali wa malemu bambo awo, wachitsulo, wolemera, woti ukaukankha ndi chala unkazungulira wokha. Tsiku lina unathyoka kunsi. Mng'onoyo, mwa chifundo chake, anaunyamula n'kukauwotcherera, ndipo anaugwira zolimba kwambiri moti unasiya kuzungulira. A Lumo atauyesa unangoti gwa. Anapsa mtima pamaso pa makasitomala.

"Manja akowa ndi ogumula basi," anatero. "Bambo akanakhala moyo sakanakulola kugwira ngakhale tsache lawo."

Mng'onoyo anatola chipewa chake n'kutuluka, ndipo pakamwa pake panatsekeka kuyambira pomwepo.

Mpando utasiya kuzungulira, anayamba kuzungulira ndi a Lumo, uku ndi uku kuseri kwa kasitomala ngati nkhuku yofuna poikira. Nako kuseri kwa khoma kunamera vuto lina. Chibadwire mng'onoyo anali asanametedwepo ndi munthu wina koma mkulu wake, ndipo ngakhale anakwiya, kupita kwa wometa wina kunamukanika. Tsitsi linakula, ndevu zinatsatira, mpaka chigoba chake chowotcherera chinayamba kukana kulowa. Anthu odutsa ankaloza n'kumaseka kuti onani mng'ono wa wometa. Mkangano wa anthu ena umabisika m'nyumba, koma wa awawa unkayenda pamsewu uli pamutu.

Pamwamba pa khoma logawa nyumbayo panali bowo, pamene amisiri anasiya njerwa kuti padutse waya wa magetsi. M'mawa wina a Lumo akupukuta galasi, mlaliki wa m'sipika anayamba kunena za anthu ouma mtima. A Lumo anaima, nsalu ili m'manja, ndipo nkhope yawo inawala. Mawu amenewa ankadziwa mwini wake. Anakwera pabenchi, n'kuika sipika ija pabowo, nkhope yake italoza kwa mng'ono wawo, msana wake kwa iwo.

Kuyambira tsiku limenelo, m'chipinda chometeramo munkangomveka kuti buu buu, ngati munthu akulankhulira m'mgolo. Makasitomala akadandaula, a Lumo ankawauza ulalikiwo pamtima, poti onse ankaudziwa kale. M'mawa uliwonse ankasankha ulaliki mosamala ngati namwino wosankha mapiritsi. Lero za kunyada, mawa za kulemekeza akuluakulu, mkuja za munthu wosapepesa. Ndiyenera kunena kuti ankachita zimenezi ndi mtima wonse, ndipo ankaona ngati akutumikira.

Masana akazi awo ankabwera ndi chakudya m'kontena. Iwowa anali munthu wosachedwa kuona chinthu. Tsiku loyamba anangoyang'ana pabowo paja, n'kuyang'ana amuna awo.

"Abambo, kodi mlalikiyu mwayambana naye? Bwanji wakufulatirani?"

"Wodwala ali uko, mayi. Dokotala sataya nthawi ndi anthu olimba."

"Oo, eya. Ndiye inu olimbawo bwerani mudye," anatero akaziwo, akutsegula kontena.

Poyamba mng'onoyo anayankha ndi galayinda, makina ake odulira zitsulo. Mlaliki akakweza mawu, galayinda inkakweza kuposa, mpaka zipeso kumanjenjemera pashelefu. Koma patapita nthawi phokoso lija linayamba kuchepa. Kenako zinafika poti ulaliki ukayamba, galayinda inkazima, kumangomveka kanyundo kakugogoda pang'onopang'ono. A Lumo ankatsinzinira kasitomala pagalasi n'kunong'ona kuti mankhwala ayamba kugwira.

Ndipo anagwiradi. M'mawa a Lumo ankapeza khonde losesedwa mbali zonse, ndi yawo yomwe. Chitseko chawo chimene chinkalira ngati mbuzi chinapezeka tsiku lina chili ndi mahinjesi atsopano. Mng'onoyo, amene kale ankakalipira makasitomala obwera mochedwa kudzatenga mafelemu a mawindo, anayamba kuwapatsa mpando. Mayi wina woyenda pa njinga ya olumala anauza msewu wonse kuti wandevu uja anamukonzera gudumu n'kumukankha mpaka kukafika pakhomo. A Lumo ankamva zonsezi akugwedeza mutu mokhutira, ngati mlimi woyendera munda wake. Chimene chinatsala chinali chimodzi chokha, kuti mwanayo alowe pakhomo, avule chipewa, apepese. Mawu omukhululukira anali atawakonza kale, aatali bwino, a mavesi ake, ndipo nthawi zina m'chipinda mukakhala mopanda munthu ankawayeserera pagalasi.

Tsiku lina masana akazi awo anaika kontena pabenchi koma sanaitsegule.

"Mwamva kuti alamu akusamuka?"

A Lumo anali pakati pometa mphunzitsi wina. Makina anaterereka n'kutsegula msewu kuchokera pakhutu mpaka pankhongo.

"Akusamukira kuti?"

"Apeza malo kutsidya kwa tauni. Akuti Loweruka lino."

"Apite," anatero a Lumo, uku akuuza mphunzitsi uja kuti mpala ndiyo ikumveka masiku ano.

Pakamwa panati apite, koma mtima unagwa. Iwo sankafuna kuti mwanayo apite, ankangofuna kuti agonje. Chimwalirire bambo awo, phokoso la galayinda lija ndilo linkawauza m'mawa uliwonse kuti mng'ono wawo wadzuka bwino, ndipo ngakhale ankalitukwana, tsiku limene linkachedwa kuyamba ankapeza chifukwa chokasuzumira pakhonde. Anachita mantha ndithu. Koma a Lumo akachita mantha ankadziwa njira imodzi yokha, choncho Loweruka m'mawa anasankha ulaliki woopsa kuposa onse, wa mtengo wa masamba okhaokha, n'kukweza sipika mpaka pamapeto.

Kalole kodzanyamula katundu wa mng'onoyo kanafika dzuwa litakwera. Zitsulo zinayamba kulira pokwezedwa, ndipo a Lumo, amene analibe kasitomala, ankanola lumo lakuthwa kale. Mwadzidzidzi pabowo paja panamveka kukwekweseka. Fumbi linagwera pashelefu. Manja awiri a zipsera za moto anatulukira m'mbali mwa sipika, anaitembenuza pang'onopang'ono mpaka inayang'ana m'chipinda chometeramo, kenako anabwerera.

Posakhalitsa pakhomo panaima munthu wa tsitsi ngati chitsamba, chipewa chili m'manja.

"Odi, achimwene."

A Lumo anasiya kunola lumo lija.

"Ndaitembenuza sipika yanu. Kwangaku kukhala kopanda munthu, ndiye ndati abusawa asamalalikire makoma." Anaseka pang'ono, akupotokola chipewa. "Zikomo, achimwene. Poyamba inkandinyansa, ndisaname. Koma munthu ukamawotcherera manja ndiwo amatanganidwa, makutu amakhala ali pa ulova. Zinangoyamba kulowa zokha."

"Nanga ukuthawa chiyani?" Mawu a a Lumo anatuluka okalipa, mosiyana ndi mmene ankafunira.

"Sindikuthawa. Abusa omwewa ananena kuti ukadziwa kuti ndiwe munga m'phazi mwa m'bale wako, usadikire kuti achite kukuzula. Ndayesa kusesa, ndayesa chitseko, koma mukandiona mumayang'ana kumbali. Ndiye ndati mwina mtendere wanu uli poti ndichoke. Za mpando ndinalakwitsa, pepani. Ndinathamangira moto ndisanafunse." Anatulutsa m'thumba chitsulo chozungulira chokulungidwa m'nsanza, n'kuchiika pabenchi. "Chitsulo chake ndachipeza, ndi ichi. Mmisiri aliyense angakuikireni, asakhale wogumula ngati ine."

Anatuluka kukapitiriza kukweza katundu.

Kupepesa kumene a Lumo anakudikira nthawi yonseyi kunali kutabwera, chipewa chili m'manja monga ankafunira, koma sikunawakomere m'pang'ono pomwe. Mawu awo aatali aja anawasaka m'mutu osawapeza. M'chipindamo munatsala iwo ndi sipika, imene tsopano inkalankhula momveka bwino, liwu lililonse palokha.

"Pali anthu ena," mlalikiyo ankatero, "Mawu a Mulungu amawanyamula ngati wogulitsa mbewu. Thumba lake ndi lodzaza, ndipo amadziwa munda wa aliyense umene ukufunika khasu. Koma kafikeni kwake, abale anga, mukapeza thengo. Mulungu sadzafunsa kuti unanyamula mbewu zingati. Adzabwera ndi dengu."

Ulaliki umenewu a Lumo ankaudziwa pamtima, ndipo mwachizolowezi anatembenuka kufuna munthu woti amuyang'ane ndi diso lija lakuti wamva. Pabenchi panalibe munthu. Pampando panalibe munthu. Kuseri kwa khoma kunali zii. Anangopeza bambo wina wa imvi m'galasi long'aluka lija, atagwira lumo, akuwayang'ana. Anachita manyazi aakulu, oyambira kuphazi, ndipo kwa nthawi yoyamba chigulire sipikayo anamvetsera mpaka mlaliki anapuma.

Atatuluka panja, thawulo lili paphewa, anapeza mng'ono wawo akumanga zitsulo ndi chingwe pamwamba pa kalole. Akazi awo anali atangofika ndi kontena, ataima pakhonde.

"Iwe! Ukupita kwa anthu achilendo ndi mutu umenewo? Akati mkulu wako amagwira ntchito yanji? Tsika."

"Achimwene, adalaivala akudikira."

"Adikire. Ndati tsika."

Mng'onoyo anatsika, analowa, n'kukhala pampando wa bambo awo mosamala ngati mlendo. A Lumo anamukulunga nsalu m'khosi. Anayamba ndi sizasi, poti makina sakanalowa m'nkhalango imeneyo, ndipo tsitsi linagwa pansi mulu ndi mulu. M'kati mwake anapezamo kachidutswa ka waya, n'kukaonetsa kwa akazi awo amene anali atakhala pabenchi. Kenako anayatsa makina. Pamene makinawo ankalira pafupi ndi khutu, a Lumo anaona kuti mpata ndi umenewu, ndipo anang'ung'udza mawu ena mofulumira, maso ali pankhongo.

"Mwati bwanji, achimwene?" anafunsa mng'onoyo. "Makinawo akusokosa."

A Lumo anayang'ana pagalasi kuti aone ngati mwanayo akuchita dala. Nkhope inali yosalakwa, koma ndevu zinkagwedezeka. Akazi awo nawo anatchera khutu poyera, osabisa n'komwe, ndipo dalaivala anali atafika pakhomo, makiyi ali m'manja. A Lumo anapuma mozama n'kuzimitsa makina. M'chipindamo munangoti phee, naye mlaliki anali atafika popuma.

"Ndati manja akowa ndi a bambo," anatero momveka. "Iwo ankathamangiranso kukonza chinthu asanafunse. Wolakwa ndine, mng'ono wanga. Ndinakunyoza pagulu, kenako ndinakugenda ndi Mawu a Mulungu ngati miyala. Undikhululukire. Usapite."

Mng'onoyo anaweramitsa mutu, n'kutulutsa dzanja pansi pa nsalu kuti apukute kumaso.

"Tsitsi landilowa m'maso," anatero.

"Inenso," anatero a Lumo.

Dalaivala anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. "Mabwana, tikupita kapena titsitse?"

"Tsitsani, bambo," anayankha akazi a a Lumo. "Simukuona kuti mutuwo wangometedwa mbali imodzi? Mukatsiriza mubwere mudye, chibale ndi fupa, sichiola, koma chakudyachi chizizira."

Dalaivala anatuluka akupukusa mutu, ndipo posachedwa zitsulo zinayambanso kulira, ulendo uno zikutsika. Mng'onoyo anakweza maso kuyang'ana pabowo paja.

"Nanga sipika, achimwene? Ndiibwezere mmene inalili?"

"Isiye choncho. Iwe wayamba kale kukolola. Kwanga kuno n'kosalima."

Anayatsanso makina, n'kuwatsitsa pang'ono kuti mlaliki azimveka. Mpando wa bambo awo unali ukadali gwa, chitsulo chake chili pabenchi kudikira Lolemba, choncho a Lumo anazungulira okha kupita mbali inayo ya mutu wa mng'ono wawo, ndipo sanadandaule.