Makope a Kaputeni Sang-cheol

Jekete la usilikali linali litapsa theka pamene Eun-sil anaona apongozi ake akutuluka m'nyumba atanyamula makope asanu ndi limodzi omangidwa ndi mphira.

"Amayi, amenewo ayi."

Mayi Tak sanacheuke n'komwe. Anaika makopewo pampando, pafupi ndi mgolo wa moto, n'kuponyamo masokosi. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda mwana wawo Sang-cheol, mwamuna wa Eun-sil, dokotala wa asilikali, yemwe galimoto inagubuduka naye pamsewu wa m'phiri. Atangobwerako kokaona manda m'mawawo, mayiwo anayamba kumuotchera katundu kuti amupeze kumene wapita. Nsapato zinali zitapita kale, magalasi nawonso. Unali mwezi wa Meyi, ndipo mungu wa paini unali mbwee pabwalo ponse, mpaka mitsuko ya soya inali yachikasu.

Kunena zoona, Eun-sil sankawakonda makopewo. Ankakhala nawo patebulo lodyera ngati mkazi wachiwiri. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi mwamuna wake ankalembamo msilikali aliyense wobwera akubanika: wina chifukwa cha mungu, wina fumbi la mabulangete a m'nkhokwe, wina chuku cha m'matenti. Sankalemba mayina, manambala okha, ndipo zonse ankalemba pamanja. Makope amenewa ndiwo anamupezera malo a digiri yachitatu, ija amati ya udokotala, yomwe amati ayambe mu Seputembala. Pamaliro, pulofesa wake atagwadira chithunzi cha malemuyo anamunong'oneza Eun-sil kuti ngati makopewo alipo, wophunzira wina apitiriza ntchitoyo.

"Pulofesa uja akuwafuna, amayi. Palibenso pena pomwe analemba."

"Pulofesa ali ndi ana asukulu ambirimbiri. Ine ndinali ndi ana awiri." Mayi Tak anasonkhezera moto ndi kamtengo. "Mwana wanga sukuluyi waidikira mpaka imvi kuyamba. Ndiye akafike kumeneko chimanjamanja? Akawerenge chiyani?"

"Koma odwalawo ali moyo, amayi. Iye wapita."

"Ukundiuza ine kuti wapita? Ndinabereka ndine. Iwe wakhala naye zaka zinayi zokha. Chaka chamawa ukafuna kukwatiwanso sindidzakuletsa, koma lero ndisiye ndimupatse zake."

Mawuwo anamupweteka Eun-sil. Anatembenukira kwa mlamu wake Gi-tae, mng'ono wa malemuyo, yemwe anali m'chaka chake choyamba cha usilikali ndipo anamupatsa masiku asanu a maliro. Iye anaima patali, kumpanda, manja m'matumba.

"Alamu, nenani kanthu."

"Asiyeni, mlamu. Amayi achite zomwe akufuna," anayankha akuyang'ana pansi.

"Wamva?" anatero mayiwo. "Uyu ndi bambo ake enieni. Iwo aja zaka makumi atatu muusilikali, osadandaula, osatsokomola ngakhale kamodzi."

Anachotsa mphira ija n'kuponya kope loyamba m'moto. Eun-sil anapisa dzanja mumgolomo, koma lawi linamunyambita zala, ndipo anangoona masamba akupindika. Chaka chathunthu cha ntchito ya mwamuna wake chinapita iye akuona. Chikuto chinali cha pulasitiki, utsi wake wakuda ndi wonunkha, ndipo mphepo itatembenuka unalunjika kumpanda.

Gi-tae anatsokomola kamodzi, kawiri. Kenako panamveka kamluzu kochokera m'chifuwa, kamene Eun-sil ankakadziwa bwino chifukwa mwamuna wake ankakonda kukayerekeza pofotokoza za ntchito yake.

"Pita ukamwe madzi, ndi chimfine chimenecho," anatero mayiwo, atanyamula kale kope lachiwiri.

Gi-tae sanapite. Anakhala pansi atatsamira mpanda, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo ikuda. Zala zake zinalimbana ndi zingwe za jombo mpaka anasolola kopopera mankhwala a mphumu, kabuluu, kamene anakabisa m'sokosi. Kanamupulumuka n'kugwera m'mungu. Eun-sil anakatola, n'kukapukuta ndi siketi, n'kumuika pakamwa.

"Kokani pang'onopang'ono, alamu. Gwirani mpweya. Kenanso."

Panapita nthawi kuti kamluzuko kachepe. Mayi Tak anali ataima pamwamba pawo, kope lidakali m'manja. Pa kopoperako panali pomata pepala laling'ono, ndipo zilembo zopendekazo anazidziwa asanawerenge n'komwe: zinali za Sang-cheol. Panalembedwa kuti: "Kawiri. Usachite manyazi."

"Zayamba liti zimenezi?" anafunsa mayiwo.

"Kumaphunziro a usilikali," anatero Gi-tae, mawu akudukaduka. "Ndinawapempha achimwene asakuuzeni. Kukampu ukanena kuti ukubanika amati ndiwe mlesi. Ndiye inunso ndi nkhani ya ababa ija."

"Ndiye unafuna ndiotche?"

"Ndili m'kope lomaliza. Nambala 112."

Mayiwo anabwerera kumpando kuja. Anaika kope lachiwiri pansi, n'kutenga lomaliza, n'kulitalikitsa kumaso poti magalasi awo anali m'nyumba. Moto unkathetheka kumbuyo kwawo. Eun-sil sanadziwe ngati akufunafuna tsambalo kuti aliwerenge kapena kuti aling'ambe, ndipo anachita mantha.

Nambala 112 anaipeza. Anawerenga milomo ikugwedera, kenako anatembenuza mpaka tsamba lomaliza.

"Mwanawe, tabwera. Masiku awa ndi a chiyani?"

Eun-sil anasuzumira. Panali manambala khumi ndi imodzi, iliyonse ndi tsiku lake pambali, ndi dzina la kampu. Pamwamba Sang-cheol analemba kuti: "Mankhwala adzawathera. Awa sadzabwera okha kuchipatala, ndiwapititsire." Masiku ena anali okhwatchidwa kale. Asanu ndi awiri anali asanakhwatchidwe.

"Ndi tsiku lomwe kopopera ka aliyense kadzathe, amayi."

Mayi Tak anatsetsereka ndi chala mpaka pa tsiku loyandikira kwambiri. Silinali la Gi-tae. Linali la nambala 87, mwana wa munthu wina amene sankamudziwa.

"Lachinayi likubwerali," anatero. "Ndiye amupititsira ndani?"

Mayiwo anasonkhanitsa makope asanu otsalawo, n'kuwapukuta mungu ndi mkono wa malaya awo akuda, n'kumupatsa Eun-sil ndi manja awiri.

"Muimbire foni pulofesayo panopa. Umuuze kuti za digiri adzaona yekha, koma ayambe ndi tsamba lomaliza."