Makapisozi a M'sokosi mwa Limbikani

Ku Chiosya, chaka cha 2002, munthu m'mimba mukamuvuta sankaganiza za chipatala, ankaganiza za Limbikani. Mkuluyu sukulu anaitsanzika ali sitandade faifi, udokotala anachita kuutola panjinga. Ankadzera njira zachidule kupita ku Zambia atasenza mtedza, pobwera ali ndi makapisozi m'kajumbo ka shuga, n'kumagulitsa awiriawiri ngati zitumbuwa. Ngakhale nkhuku zake zinkamwa nawo, ankazisungunulira m'madzi.

Tsiku lina tambala wake anayamba kuodzera masana. Inu mukudziwa, nkhuku ikaodzera timaithamangira ndi mpeni isanatibere ndiwo. Banja lonse linadya, banja lonse linapanga mzere kuchimbudzi. Patapita masiku atatu akuluakulu anadzuka, koma Rozi, mwana wawo wa zaka zinayi, ayi. Bambo ake ankampatsa kapisozi, thupi likazizirako n'kusiya, likatentha n'kuyambiranso. Sabata ndi theka! Khosi la mwana litayamba kulendewera, udokotala unatha, anakwera matola wa ku boma.

Ali m'galimoto ananong'oneza mkazi wake, Dailesi: “Akafunsa, sitinampatse kalikonse. Wamva? Anthu a zaumoyo aja akundisaka kale, angandipereke kupolisi.”

Kuchipatala anawalandira a Raphael, dokotala wamng'ono thupi, wochokera ku Mulanje. Anayeza malungo, sanawapeze.

“Kunyumba mwampatsa chiyani, bambo?”

“Phala basi, adokotala. Ife za mankhwala tizidziwira kuti?”

A Raphael anamubaya mwanayo jakisoni, n'kumugoneka pa diripi. Tsiku linapita, lachiwiri linafika masana, Rozi ali gone, milomo itauma gwa, maso akuyang'ana kudenga osaona denga. Limbikani, munthu woti pamsika sankatseka pakamwa, anangokhala pansi n'kumawerenga miyendo ya bedi.

A Raphael anabwera, anagwira mwana pachipumi, nkhope inasintha.

“Bambo, imirirani timvane. Ndili ndi mankhwala ena atsopano, koma atsala okwana mwana mmodzi, ndipo wodi ino mukuiona kudzaza kwake. Ngati uyu sanamwepo kanthu kunyumba, ndidikira mpaka mawa kuti jakisoniyu agwire. Ngati anamwapo, mawa n'kutali.”

“Zikugwirizana bwanji, adokotala?” Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana wa kwaya.

“Tizirombo ta m'zakudyati timaswana kuposa nsabwe, ndipo poswanapo kena kamabadwa kosiyana ndi makolo ake. Kakale kankathera m'matumbo, masiku atatu munthu wanyamula khasu. Kamene tikukaona chaka chino kamaboola n'kulowa m'magazi. Ndiye wina akamakapatsa mankhwala modukizadukiza, tofooka timafa, kotsalako n'kamene mankhwalawo kamawayesa thobwa. Kakatero, ine ndikhoza kubaya mpaka singano itapindika. Ndikufunsanso: mwampatsa chiyani?”

Amayi a pa mabedi oyandikana anasiya kukupiza ana awo. Mmodzi mwa iwo Limbikani anamuzindikira, kasitomala wake weniweni wa Lachisanu lililonse. M'maganizo anaona kale zonse: apolisi, njinga yake itatsamira khoma la kupolisi, anthu a ku Chiosya akuseka mpaka kugwira nthiti.

“Mwina... mwina Panado,” anatero.

Dailesi, amene chikwatiwire sanayankhepo mwamuna wake pagulu, anamasula chitenje n'kumanganso molimba.

“Bambo a Rozi, mukamaliza kuganiza mundiuze. Ndidziwe choti ndikawauze anthu kumudzi, kuti tasunga mwana kapena tasunga bizinesi.”

Palibe anaseka. Rozi anapuma kamodzi mokoka, n'kukhala kanthawi osapumanso. Mpweya utabwerera, Limbikani anali atawerama kale, akuvula nsapato. Anatulutsa kajumbo m'sokosi, n'kukhuthulira pabedi: ofiira ndi achikasu, oyera, ena ofufuma ndi thukuta la phazi.

A Raphael anatola woyera, anauyang'anitsitsa.

“Awa kangati?”

“Awiri... masiku ena mmodzi. Sabata ndi theka.” Kenako anawonjezera: “Nkhuku tinadyayo inkamwanso omwewa.”

“Ndi omwe ndakhala ndikumubaya chifikireni. Mwanditayitsa masiku awiri, bambo, ndipo si anga, ndi a mwanayu.” Anatembenuka n'kukuwa: “Sisitala Florence! Tsegulani kabati, bweretsani atsopano aja. Thamangani!”

Nesiyo anabwera chothamanga. A Raphael anasonkhanitsa makapisozi aja n'kuwaika m'thumba la gauni.

“Za awa tikambirana ku ofesi, inu ndi ine ndi anthu ena. Mukathawa ndikupezani, Chiosya sindiye Joni.”

“Ndithawire kuti, adokotala, nsapato ili m'manja?”

Sanathawe. Ku ofesi anapita, anasaina zimene anasaina, dzina lake linalowa m'buku la apolisi. Masiku awiri otsatira anawathera pakhonde la wodi, akudzidzimuka nthawi iliyonse mayi wina akayamba kulira m'katimo.

M'mawa wa tsiku lachitatu kunamveka kukuwa, koma kwa munthu wamkulu. Limbikani anathamangira mu wodi. Anapeza Rozi atazula diripi, Sisitala Florence akuuzira chala chawo.

“Wandiluma! Mwana wanuyu wachira, bambo. Mugwireni miyendo ndimubwezere singanoyi.”