Uthenga Wopita ku Nyumba Yakale

Mgodi wa ku Kabwe utatsekedwa, Philomena Daka anachotsedwa ntchito mu ofesi ya makompyuta pamodzi ndi anzake onse. Anakhala kwa amayi ake ku Ngungu mpaka kachipatala kena ka ku Kasanda kanamuitana kuti akapange pulogalamu. Kumeneko anamwino ankayeza mtovu, poizoni wochokera ku mgodiwo, m'magazi a ana.

Mu pulogalamuyo banja lililonse linali chinthu chachikulu, chimene amisiri a makompyuta amachitcha kholo, ndipo mwana aliyense anali chinthu chaching'ono pansi pake. Mwana akapezeka ndi mtovu wambiri, chaching'onocho chinkatulutsa uthenga. Kholo, limene linalembetsedwa kuti lizimvetsera, linkaulandira n'kuonetsa nambala ya nyumba ndi zilembo zofiira, kuti namwino apiteko.

Zinkayenda bwino kufikira pamene nyumba za mgodi zinayamba kugulitsidwa. Mabanja ambiri anasamuka, ena anatumiza ana kwa achibale.

Tsiku lina masana namwino wamkulu, Sista Esnath, anabwera atatuwa ndi fumbi, natsamiritsa njinga yake pakhoma.

"Philo, kompyuta yako yanituma kunyumba ilibe munthu," anatero. "Koma namvela ati ka Mwenya, kamene kanali kunkhala muja, kali ku Makandanyama kwa ambuya bake, kadwala maningi."

A Lweendo, woyang'anira chipatalacho, anamva ali pakhomo la ofesi yawo.

"Zimyani chabe mauthenga yaja, tibwelele ku mapepala. Ba ma investor, bofuna kuika ndalama kuno, babwela next week kuona malo. Sinifuna bapeze screen yofiira."

"Uthenga siunama, ba Lweendo. Ufika chabe pamalo yolakwika," anayankha Philomena.

"Nakamba kale."

"Namvela. Koma sinizazimya."

Philomena anakokera mpando pafupi ndi kompyuta. Anapanga mwana wongoyerekezera, namuika m'nyumba yongoyerekezeranso, kenaka anamusamutsira kwina. Anayendetsa pulogalamuyo mzere ndi mzere, akuiimitsa paliponse pamene uthenga unkadutsa. Mtima unkamuwawa, chifukwa mizere yonseyo anailemba yekha, nthawi imene ankaganiza kuti anthu a ku Kasanda sadzasamuka.

Mawa lake anapeza vuto. Mwana akasamutsidwa, dzina lake linkaonekadi pansi pa nyumba yatsopano, koma nyumba yakale inkapitiriza kumumvetsera, pomwe yatsopanoyo sinalembetsedwe n'komwe. Choipa kwambiri, nyumba yakale ikafufutidwa, uthenga unkatuluka popanda woulandira, ndipo pulogalamu inkangokhala duu ngati zonse zili bwino.

Anakonza kuti posamutsa mwana, kholo lakale lizichotsedwa kaye, latsopano n'kulembetsedwa pomwepo. Atayesa, uthenga unafika kawiri. Anafufuzanso, napeza kuti nthawi iliyonse namwino akatsegula tsamba la banja, kholo linkalembetsedwanso. Anatseka mpata umenewo. Kenaka analamula ana onse a mu pulogalamuyo kuti atumizenso mauthenga awo.

Zilembo zofiira zinadzaza galasi lonse la kompyuta. Panali nyumba za ku Makandanyama, za ku Ngungu, ndi zina zimene anamwino anali asanafikeko.

A Lweendo anabwera n'kuima kumbuyo kwake.

"Mwaonongelatu manje," anatero.

"Bana aba banalipo na dzulo. Ine nachosa chabe chamene chinali kubabisa."

"Contract yanu yasila lelo. Musanayende, nionetseni pozimyila."

Philomena anatenga chikwama chake, nakankhira mpando pansi pa tebulo.

"Palibe pozimyila. Ngati mufuna, sakilani wina azamange pozimyilapo."

Panja anapeza Sista Esnath akupopa tayala la njinga. Anamuuza nambala ya nyumba ya agogo ake a Mwenya, ndipo Esnath ananyamuka osadikira chilolezo cha munthu. Madzulo omwewo mwanayo anatengeredwa ku chipatala chachikulu. Anachira, ngakhale kuti anachedwa kulankhula kusiyana ndi anzake.

A Lweendo sanapeze wina wogwira pulogalamuyo. Tsiku limene alendo odzaona malo aja anabwera, anaphimba kompyuta ndi chitenje cha akazi awo, nauza alendowo kuti inawonongeka. Galimoto za alendo zisanatuluke n'komwe pachipata, anamwino awiri anali atavundukula kale chitenjecho, akugawana nyumba zoti apiteko.