Chikwama Chosagawa

Pansi penipeni pa sutikesi ya malemu, Lidia anapeza timapilo tisanu tansalu za zitenje, kalikonse kukula ngati chibakera. Linali tsiku logawa zovala, patatha sabata chiikireni amayi ake, a Manesi, kwawo kwa Msakambewa.

"Itinso n'togawa, amayi aang'ono?"

A Veronika, ang'ono awo a malemu, anatola kamodzi n'kukafinya.

"Eni ake abwera okha. Chiwadulireni bere chifukwa cha khansa, amayi ako ankasokera mayi aliyense wodulidwa ngati iwo kapilo koika pomwe panali bere, kuyambira kwa Chisepo mpaka ku Ntchisi. Ankati munthu asamayende chopendekeka."

Lidia anaseka misozi ili chuchuchu. Anawasowa amayi akewo, anasowa ngakhale kulongolola kwawo kuja. Mkono wamanzere anali ataupanikiza pachifuwa, pomwe kachotupa kanakhala miyezi itatu iye osauza munthu.

"Anawadula, komabe apita," anatero. "Ndiye chaphindu n'chiyani?"

"Zaka khumi ndi zinayi ukuti n'zochepa? Agogo ako atadwala matenda omwewa anakatemedwa mphini kwa asing'anga, chilonda chinaphulika, chimanga cha chaka chimenecho sanachilawe. Amayi ako mpeni unawapatsa nthawi yokulera iwe. Matenda atabwerera, anapeza kwabwera mankhwala a mudiripi, othothola tsitsi aja. Lero akuti ukafulumira, ena amangowachotsa chotupacho, bere n'kulisiya."

Lidia ankangopinda ndi kupindanso duku limodzimodzi.

A Veronika anadzuka, nakatenga chikwama chofiira kuseri kwa chitseko. Chinali chomwe malemu ankanyamula poperekeza azimayi anzawo kuchipatala ku Lilongwe.

"Ichi anati n'chosagawa, n'chako. Analongedza okha ali chidwalire. Tsiku lina ukuwadzutsa pamphasa, anakugwira pachifuwa n'kumva chotupa. Dzanja lawo lija silinkaphonya, mwanawe."

M'katimo munali kapu, bulangete, ndi buku latsopano la kuchipatala lolembedwa dzina la Lidia ndi zilembo zokhotakhota. Pansi pake panali kapilo kena, kosokedwa mbali imodzi yokha, singano idakali pomwepo.

"Mphamvu zinawathera?" anafunsa Lidia.

"Ayi. Anasiyira dala. Anati ukapita msanga, mwina sikadzafunika."

Lidia anatsitsa mkono uja. Anabaya singanoyo bwinobwino kuti isagwe, natseka chikwamacho.

"Minibasi yoyamba ya ku Lilongwe imadutsa nthawi yanji mawa?"