Dzina la pa Sutikesi

Mayi Eveles Makina anamwalira Lachiwiri, pa 6 Meyi, ndipo anaikidwa m'manda Lachinayi kumudzi kwawo, kufupi ndi Chiringa. Mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma anatuluka Lachisanu, abale ali pa mwambo wometa.

Stafford, mwana wawo woyamba, anali atametedwa kale. Anakhala pa chitsa kuseri kwa nkhokwe n'kulemba dzina lakuti Makina pa foni, kulifufuza pa mndandanda wa osankhidwawo. Linatuluka limodzi lokha. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita pamene mlongo wake ankatsuka mbale za anthu a pamaliro.

"Alesi, unafunsira malo iwe?"

"Ndinafunsira," anayankha Alesi, osadzutsa mutu.

"Amayi ankadziwa?"

"Sanandifunsepo."

"Akutenga. Zaulimi, ku Lilongwe."

"Nanga inu, achimwene?"

Stafford anaika foni m'thumba n'kubwerera kuseri kwa nkhokwe.

Awiriwa analemba mayeso a Fomu 4 chaka chimodzi, chifukwa Stafford anabwereza kalasi atamusamutsira ku sukulu yapulaiveti ku Limbe. Kuti apite kumeneko, mayi ake anabwereketsa munda wa mpunga wa kudambo kwa wamalonda wina wa pa Chiringa kwa zaka zisanu. Banja linatsala ndi munda wa kumtunda, umene theka lake linakwiririka ndi miyala ya namondwe wa mu 2023. Alesi anatsala pa sukulu yoyendera ya boma, yopanda labotale, kumene buku limodzi ankawerenga ana asanu ndi mmodzi. Stafford anapeza mapointi 21, Alesi 15. M'kalasi ya Stafford munasankhidwa ana makumi atatu. Pa sukulu ya Alesi anasankhidwa iye yekha.

Lamlungu atachoka ku tchalitchi, a Eneya, mlongo wawo wa malemu komanso mwini mbumba, anaitanitsa banja pakhonde. Bambo Cornelius, amuna a malemu, anakhala kumapeto kwa mphasa. Anali mkamwini pamudzipo, ndipo aliyense ankadziwa kuti akadzawasudzula adzabwerera kwawo ku Migowi.

"Ndamva kuti boma lasankha," anatero a Eneya. "Koma lasankha mosemphanitsa. Tinagulitsa mpunga wa zaka zisanu chifukwa cha mnyamatayu. Dzina n'limodzi, Makina. Sangapite iyeyu m'malo mwa mlongo wake?"

"Sizitheka, malume," anatero Stafford. "Amayang'ana nambala ya mayeso ndi chithunzi."

"Chithunzi! Onse ametedwa mpala, asiyanitsa bwanji?"

Palibe anaseka. A Eneya anatembenukira kwa Alesi.

"Iwe, tamvera. Malo ano ndi a akazi. Mayi ako anabereka mkazi mmodzi, ndiwe. Alamuwa achoka. Stafford akakwatira adzapita kwa eni ake. Ukachoka iwe, ana a mayi ako aang'ono alowa m'munda wa kumtunda mvula isanagwe, ndipo wa kudambo ukadzabwerera, udzabwerera kwa iwo. Munthu akalima zaka zinayi, sindingamutulutse ine."

"Nditha kumabwera pa holide, malume."

"Namsongole amadikira holide? Ndiponso ulimi wake uti woti mpaka ukauphunzire ku Lilongwe? Munda suli apa?"

"Nditha kuulima ine," anatero Stafford.

"Iwe? Manja ofewa ngati a dokotalawo? Zaka zitatu ku Limbe, wabwerako ndi Chizungu basi. Udzafunsiranso chaka chamawa, ndicho chimene mlongo wanga anafera."

Bambo Cornelius anakhosomola. "Alamu, mwanayu wakhoza yekha, wopanda womuthandiza. Ine ndimati..."

"Inu alamu, munapereka ndevu zokha pano. Ana ndi anga."

Bambo Cornelius anayang'ana pansi n'kuyamba kutola timiyala pamphasa.

Lachitatu amayi a pamudzi anabwera kudzagawa zovala za malemu. Anayala zitenje panja, nsapato, duku loyera la chigwirizano cha amayi. Alesi ndiye ankatulutsa katundu m'chipinda. Atagwada kuti aone kunsi kwa bedi, anapeza chinthu chachikulu chokutidwa ndi thumba la feteleza. Anachikoka.

Inali sutikesi yatsopano yakuda, ya matayala. Pamwamba pake panalembedwa ndi penti ya buluu, zilembo zazikulu zopendama: STAFFORD MAKINA. Alesi anawadziwa malembedwewo. Mayi ake analekeza Sitandade 4, ndipo chilembo cha S ankachilemba chotembenuka. M'kati munali bulangete, malaya awiri oyera ndi nsapato zachimuna, chilichonse m'pepala lake.

Kuseri kwa sutikesiyo kunali khasu, nalonso latsopano, tsamba lake likadali ndi mafuta. Mpini wake unali waufupi, wosalazidwa bwino ndi galasi. Kumapeto kwa mpiniwo wina anawotchapo ndi msomali wamoto chilembo cha A.

Bambo ake anali ataima pakhomo.

"Amayi anagula liti izi, bambo?"

"Mu Malichi. Pa msika wa Chiringa."

"Zonse ziwiri?"

"Tsiku limodzi. Mpiniwo anausema katatu. Ankati woyamba ukakutupitsa manja."

Alesi anaugwira mpiniwo. Unamukwana ndendende, ngati mayi ake anachita kumuyeza ali m'tulo.

Stafford analowa, n'kuona dzina lake. Anagwada, natulutsa nsapato ndi malaya, n'kukankhira sutikesiyo kwa mlongo wake. Anayesa kukanda pentiyo ndi chikhadabo. Inali penti ya mafuta, yopaka kawiri. Sinachoke.

"Parafini angachotse," anatero.

"Isiyeni," anatero Alesi. "Ndi malembedwe a amayi."

Anasiya bulangete m'kati, natseka zipi, n'kukankhira sutikesiyo kunsi kwa bedi. Khasu analiimika kuseri kwa chitseko. Kenako anatulutsa zitenje zotsala, amayi panja n'kupitiriza kugawana.

Ophunzira atsopano akuyenera kukafika ku Lilongwe pa 1 Seputembala. A Eneya anati nkhaniyi adzaikambanso akakolola nandolo. Nandolo wa m'munda wa kumtunda mayi Eveles anamubzala mochedwa chaka chino, ndipo sanayambe n'maluwa omwe.